Mwana Wodwala Maso Ampatsa Njinga

Abale inu, mwana wodwala maso ampatsa njinga! Ndikuimba ine, koma ndakwiya.

Ndine Namwale wa ku Chulu kuno. Mdzukulu wanga Tadala, Tadala wanga wothamanga, maso ake ndi ofooka. Buku amaligunditsa pamphuno ngati akununkhiza fodya wapashedi. Aphunzitsi ake, a Nkhoma, anamukhazika kutsogolo, koma anandiuza mosabisa: "Agogo, nzeru zilipo. Akapanda kupeza galasi lokulitsa zilembo, abwerezanso Sitandade 5. Ku boma kwabwera zipangizo za ana otere, pitani."

Lachiwiri tinalawirira, ine ndi Tadala, pakabaza. Mzere wake, ee, ngati wa makuponi a feteleza! Titafika pamaso pa kalaliki, mnyamata wa tayi yofiira, mutu sanadzutse.

"Mwana ndi wolumala?"

"Maso, bambo."

"Kalandireni kuseri."

Kuseriko atitulutsira njinga ya olumala. Yonyezimira, matayala akuluakulu, mpando wofewa. Ndinabwerera kwa mnyamata uja.

"Bambo, mbuzi zikalowa m'dimba amazipirikitsa ndi yemweyu. Miyendo ili bwino. Vuto ndi maso."

Akuti, "Agogo, zaulere sasankha. Feteleza wa sabuside mumafunsa kuti ndi thumba lanji?"

Ndinati, "Timafunsa! Wokulitsa ndi wina, wobereketsa ndi wina."

Akuti magalasi atha, wotsatira abwere.

Ndiye njingayo imuwerengera? Matayala alemba mayeso? Kapena azikhalapo kuti abwereze kalasi ali phee, osatopa?

Tadala misozi inalengeza. Ndinati kwera mwana wanga, lero ndiwe bwana. Ine kukankha, ine kuimba: tapita ndi maso, tabwera ndi matayala, ee matayala!

Pageti, pansi pa mtengo wa mango, tinapeza mayi wina wa ku Kaluluma. Kumsana wabereka mnyamata wamkulu ndithu, miyendo ili lendelende. Anandiimitsa.

"Amama, njingayo mwaipeza bwanji? Ine andipatsa kagalasi aka. Mwana wanga amaona nyerere ili kutsidya, koma kuyenda yayi."

Ndinayang'ana. Galasi lozungulira, lachogwirira chakuda, lomwe lija anandifotokozera a Nkhoma!

Tinachita zomwe timachita kumudzi makuponi a feteleza akasokonekera: uyu wa yureya, uyu wa chitowe, bwera tisinthane. Tadala tsika, mnyamata kwera. Nthungululu zanga zinamveka mpaka ku depoti, mlonda anatuluka akuganiza kuti kuli ukwati.

Tadala anaika galasi lija pankhope panga. "Agogo, makwinya onsewa ndi anu?"

Ndi anga, mwana iwe, ndi anga, ena mwa iwo andipatsa a tayi yofiira!

Tsono inu a mu ofesi muja, tandiyankheni. Kudzutsa mutu kuona mwana kumathyola khosi? Aphunzitsi amene amakhala nawo anawa tsiku ndi tsiku, simungawafunse? Mayi uja ndikanapanda kukumana naye, bwenzi njinga ikunyamula fodya kwathu, mwana wake akadali kumsana.

Anzanga, mukalandira chosakhala chanu musathamangire kunyumba. Dikirani pamango paja.

Ife pochoka tinasiyapo bambo wina wa ku Mtunthama atanyamula ndodo yoyera ya osaona, pomwe mwana wake vuto ndi makutu. Amene mwalandira kamakina ka m'khutu, mwana wanu akumva bwinobwino, kapititseni chonde. Bamboyo akuti abwereranso pamango paja Lachiwiri.

Akundilembera izi ndi Tadala, galasi kudzanja, ndipo akuti ndisamaimbe, ndikumusokoneza.