Pulasitiki Yomwe Amayi Anadula Pakati

M'chaka changa chomaliza ku koleji anatiuza kuti aliyense achite kafukufuku wake. Ine ndinabwerera kwathu ku Nkopola ndi funso limodzi: kodi usipa woyanika pathandala lofundika pulasitiki umasungika nthawi yaitali kuposa woyanika pamtetete?

Aphunzitsi anali atatikhomerera m'mutu kuti pamafunika magulu awiri ofanana pa zonse, osiyana pa chinthu chimodzi chokha chimene ukuyesacho. Ndipo wofufuza asasankhe yekha anthu, asankhe ndi maere. Choncho ndinasonkhanitsa azimayi khumi ndi awiri oyanika nsomba, kuphatikizapo amayi anga. Ndinapinda timapepala, tina tolembedwa tina topanda kanthu, n'kutiika m'chisoti cha bambo chopitira kumzikiti. Theka la azimayiwo anatola timapepala tolembedwa ndipo analandira pulasitiki. Amayi anali m'gulu limeneli. Mnzawo wapamtima, mayi wamasiye amene anathawa nkhondo ku Mozambique ali mtsikana, anatola kapepala kopanda kanthu. Anangoseka n'kupukuta manja pachitenje.

Sabata yoyamba zonse zinayenda bwino. Kenako ndinapita ku koleji kukaonetsa zomwe ndinalemba, ndipo ndili komweko kwathu kunagwa mvula masiku atatu.

Nditabwerera ndinapeza matandala onse khumi ndi awiri atafundikidwa, lililonse ndi chidutswa chake. Ndinaima pamchenga, kope lili m'manja. Gulu lofananitsira panalibenso.

Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha usipa m'lichero.

"Amayi, ndani wadula mapulasitiki aja?"

"Ndinayamba ndine," anatero osadzutsa mutu. "Enawo anangoonera."

"Koma ndinakufotokozerani. Mwandiwonongera ntchito yonse."

Anaika lichero pansi. "Ndinamva, mwanangu. Tsiku loyamba ndinapirira. Lachiwiri ndinamuona mnzanga akuwola nsomba zonyowa ndi manja, zitayamba kale kununkha. Uja ali ndi zidzukulu zitatu. Ndikanatani?"

Ndinakhala pamkeka, misozi ikulengeza, kwinaku ndikuchita manyazi kuti ndikulirira mapepala. Amayi anandisunthira lichero, tinayamba kusankha limodzi. Patapita nthawi anafunsa chapansipansi ngati akandichotse sukulu chifukwa cha iwo. Apo m'pamene ndinaona kuti masiku onsewo anali ndi mantha.

Mu lipoti ndinalemba zonse monga zinachitikira. Aphunzitsi atawerenga anavula magalasi n'kunena kuti vuto limeneli m'mabuku lilimo: chimene wapatsa gulu limodzi chimadutsira ku linalo, makamaka anthuwo akakhala oyandikana. Anati kulakwa kunali kwanga, poika magulu onse awiri pagombe limodzi, pakati pa anthu obwerekana mchere. Anandilola kubwerezanso, magulu atatalikirana, ndipo ndinalonjeza kuti gulu lodikira lidzalandira pulasitiki yake pamapeto.

Tsiku lomwe ndinkanyamuka kupita ku Chembe kukayambiranso, mayi wamasiye uja anabwera kunyumba. Anagwada pakhomo ngati wapalamula, n'kupepesa m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chiyao. Ndinawadzutsa msanga, poti sizoyenera munthu wamkulu kugwadira mwana. Ananditengera chikwama pamutu mpaka pamsewu, amayi anga akutsatira m'mbuyo, ndipo onse awiri anadikira nane mpaka minibasi inadzaza.