Kansalu ka Azakhali Pamphika Wauwisi

Mpongozi wanga wagula kapu ku Blantyre, akuti ndi yapamwamba chifukwa anadindapo nsalu yoluka dongo lisanaume. Asandiuze ine! Zimenezo ndinayamba ndine, ndisanakwane zaka khumi, ku Chigaru konkuno.

Tsikulo panali amayi, amene ankaumba miphika yokagulitsa pa Lirangwe, bambo, ineyo, ndi azakhali a ku Chileka, onyada aja. Azakhaliwo anabwera ndi jagi yawoyawo, yovundikira ndi kansalu koyera koluka pamanja, kamaluwamaluwa, kamabowomabowo, ati madzi a mumtsuko wathu amanunkha dothi.

Atapita kuseri ndinakatenga kansaluko, n'kukakanikiza pamphika wauwisi umene ndinaumba ndekha, wozizira bwino m'manja. Nditamatula, maluwa onse anatsala padongo, mpaka kaulusi kalikonse. Ndinakuwa kuti onse adzaone.

Azakhali anangoona kansalu kawo katafiira.

"Achimwene, mwana wanuyu ndi mbuzi! Mwamuna amagwira dongo?"

Anauponda mphika wanga ndi nsapato, fwaa! Bambo anangozyolika. Amayi anatola chidutswa chamaluwa chikadali chofewa, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Alamu," anatero, "kansaluko kaipa kale. Mukamakataya mutayire kuno."