Chitupa cha adada

Ndikukumbukira fungo la moto umene unayaka pabwalo la mpira kwathu ku Magodi, ufulu usanabwere. Unali moto wa mapepala okhaokha, ndipo utsi wake unkayabwa kukhosi.

Amene anauyatsa tinkawatchula kuti a Kamphepo, mtsogoleri wa chipani m'dera lathu, munthu wamfupi wa mawu aakulu. Anakwera pachulu n'kunena kuti chitupa, kapepala kamene atsamunda ankakakamiza mwamuna aliyense kuyenda nako, ndi chingwe cha mbuzi. Amuna ankaponya zitupa zawo pamoto, amayi akululutira. Ine ndinali mnyamata woweta ng'ombe, wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, koma ndinkafunitsitsa kuti munthu ameneyo andiyang'ane.

Adada sankapita kumisonkhano. Chitupa chawo chinkakhala m'kachitini ka tiyi kamene ankakasomeka kudenga. Masana amenewo iwo ali kudimba, ndinakwera pamtondo, ndinachitenga, n'kuthamanga nacho kukachiponya pamoto paja. A Kamphepo anandigwira pamutu. "Uyu ndiye mwamuna," anatero. Sabata yonse sindinafune kuti madzi akhudze mutu wanga.

Kenako kunabwera amesenjala a boma kudzaona zitupa. Adada anatsegula kachitini pamaso pawo, n'kupezamo mphemvu yakufa. Anawamanga limodzi ndi owotcha aja. Atabwerako kundende anali owonda, akutsokomola, ndipo anali atagamula kale mlandu mumtima mwawo. Mlongo wa amama anali wachipani, choncho wakuba anali amama.

"Ndani wina amadziwa za kachitini?" anafunsa adada.

Amama anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako anayang'ana pansi. "Palibe," anatero.

Ndinali nditakhala pakhomo, ndikusenda chimanga. Ndinapitiriza kusenda. M'mawa mwake amama anamanga mtolo n'kubwerera kwawo ku Mwase, ine ndinatsala, poti kwathu mwana ndi wa bambo. Amama anamwalira mvula ziwiri zitadutsa. Adada nawonso anamwalira osadziwa amene anatenga chitupacho.

Ufulu utabwera, a Kamphepo anamenyera kuti timangiridwe sukulu. Ndinalowamo ndevu zitayamba kumera, mawondo osakwana pansi pa desiki, tiana tikunditcha ahedi. Zonse zimene ndikulembazi ndi mphatso yawo, sindikana. Lero dzina lawo lili pachikwangwani cha sukuluyo, pamene pamanda a amama ndinalephera kupazindikira nditapitako, thengo linameza.

Masiku ano chiphaso aliyense amachifuna, achinyamata amachita kuima pamzere kuti ajambulidwe. Mwezi wathawu mphunzitsi anabwera ndi ana ake kuti ndiwauze za a Kamphepo, popeza amene tinawaona tatsala ochepa. Ndinawauza za chulu ndi za moto. Kamtsikana kena kanafunsa kuti, "Nanga inu agogo, munachitapo chiyani?"

"Ndinaponyapo chitupa chimodzi," ndinayankha.

Anawomba m'manja nthawi yaitali. Atapita, ndinakhala pakhomo mpaka nkhuku zitalowa.