Masamu pa Nsalu ya Suti

Achemwali anga ndi telala, ndipo makina awo amakhala pakhonde la kagolosale kanga. Atakwanitsa zaka makumi anayi anabwerera kusukulu yamadzulo. Masamu amalemba pansalu ndi choko cha utelala, poti sichivuta kufufuta.

Tsiku lina analimbana ndi funso lakuti: kupendekeka kwa mzere wokhota ndi 2x, ndipo mzerewo umadutsa pa (1, 3); pezani y. Anawerengera chobwerera, njira yomwe amaitcha intigireshoni, napeza y = x² + C, kenako C = 2. Mosangalala anajambula mzerewo pansalu ya suti ya kasitomala. Akuyankha foni, anatenga sizasi n'kudula motsata mzere wa masamuwo m'malo mwa mzere wa mkono wa sutiyo.

Alamu, amuna awo, anafika nsalu itaonongeka kale. "Mayi, sukuluyi ithe lero! Pakhomo tizidya ma x anuwo?"

"Bambo, suti ndalakwitsa, koma C ndamupeza," anayankha achemwali. "Nsalu ya eni ake ndigula ina. Sukulu sindisiya."

Alamu akadali kulalata, achemwali anasasa tiulusi pasiketi n'kunyamuka ulendo wa kukalasi.