Nyumba ya pa Malo a Kuchikazi

Ntchito yomanga nyumba ndinaiyamba ndili mnyamata, ndipo mpaka lero anthu a ku Lirangwe amandiitana akafuna kukumba fawundeshoni. Munthu akandipeza ndi pulani m'manja, sindithamangira kuwerenga njerwa. Ndimayamba ndamufunsa kuti malowo ndi a yani, anawapeza bwanji, mboni ndi ndani, kalata yake ili kuti. Ena amanyansidwa nazo. Amati anabwera kwa mmisiri, osati kukhoti. Ine ndimawayankha kuti khoma likapendama timagwetsa n'kumanganso, koma nyumba yonse sindingainyamule pa malo a eni.

Mawu amenewa ndinkawanena kale, akazi anga ali moyo.

Ndinakwatira ku Chileka, m'mudzi wina umene ndege ikamatsika anthu amayamba asiya kulankhula. Monga mkamwini aliyense, ndinapita kukakhala kwawo kwa akazi anga. Malo anatipatsa ndi amalume awo. Anangoloza ndi dzanja, kuchokera pamtengo wa mango kukafika pachulu, ife n'kuwomba m'manja. Pepala panalibe, ndipo palibe amene analiganizira.

Tinakhala zaka zambiri m'kanyumba ka zidina. Ndikabwera kuntchito ndili mbuu ndi simenti, akazi anga ankandilandira ndi chipongwe chawo chija.

"Takulandirani amisiri. Lero mwamangira ndani yagalasi? Ife tikadali m'khola lathu lomweli."

"Pirirani mayi, yanu ikubwera."

"Idzatipeza mano atatha."

Inabweradi, pang'onopang'ono. Njerwa ndinaumba ndekha kudambo, iwo akutunga madzi. Pansi pa makoma ndinayala pulasitiki wakuda kuti chinyezi chisakwere, ndinathira mankhwala a chiswe, ndinamanga lintala ya konkire kuzungulira nyumba yonse osati pamwamba pa mawindo pokha. Zimene makasitomala amakana poopa kudula, kwanga ndinazichita zonse. Tsiku lokhoma malata akazi anga anaima pabwalo manja ali m'chiuno, nati, "Koma ndiye mumathadi. Ndimayesa anthu amangokukondani."

Lamlungu lina pochokera kutchalitchi anandiuza kuti amayi anzawo akulembetsa malo kuboma, ndipo n'zotheka kulemba mayina a mwamuna ndi mkazi pamodzi.

"Tiyeni tikalembetse, abambo. Dzina lanu ndi langa."

"Achimwene anu adzati chiyani? Adzati mkamwini wayamba kuyeza malo a mbumba."

"Achimwene ndilankhula nawo ndine."

"Dikirani ndimalize ntchito ya ku Lirangwe."

"Inu mumalalikira za makalata kwa anthu onse, kwanu kuno mwangoti zii."

Ndinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ntchito ya ku Lirangwe inatha, inabwera ina, inathanso. Sikuti ndinkaiwala. Ndinkachita manyazi. Anthu amenewa anandilandira bwino, sanandinenepo kuti ndine wobwera, ndiye kukawapempha siginecha kunkandionekera ngati kuwauza kuti sindiwakhulupirira.

Akazi anga anadwala miyezi inayi, namwalira nyengo yozizira. Mwana Mulungu sanatipatse.

Patapita miyezi ingapo abale anakumana kuti andisudzule, ndiko kundimasula kuti ukwati watha, ndili ndi ufulu wobwerera kwathu. Amene analankhula ndi alamu anga, achimwene awo a malemu, munthu amene ndinaimba naye kwaya zaka zambirimbiri. Sanandiyang'ane kumaso.

"Alamu, palibe akukuthamangitsani. Mwakhala nafe bwino. Koma inunso mukudziwa mmene zimakhalira."

Ndinkadziwa. Nyumbayo inali yoti alowemo mwana wamkazi wa mng'ono wawo wa malemu, mayi wa ana atatu amene denga lake linkadontha paliponse. Mnzanga wina, kalipentala, anandiuza kuti ndipite kwa odziwa malamulo, poti masiku ano wamasiye sachotsedwa chisawawa. Mwina ananena zoona. Ndinapemphera masiku angapo, ndipo ndinaona kuti sindingathe kukaima pabwalo la milandu kutsutsana ndi anthu amene anandithandiza kunyamula bokosi la akazi anga. Sindikunena kuti ndinachita bwino. Wina asatengere ine.

Chimene ndinapempha n'chimodzi. Khoma lakuseri, kumene mvula imawomba, linali lisanapakidwe pulasitala. Ndinati sindingasiye nyumba ili choncho dzinja likubwera.

Alamu anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo. "Pulasitala wanuyo atenga masiku angati? Musatiuze chaka, amisiri timakudziwani."

"Kupaka masiku awiri. Kuthirira madzi sabata yathunthu."

"Sabata? Ndi khoma kapena dimba la tomato?"

"Simenti ikauma msanga imang'aluka. Imafuna madzi m'mawa ndi madzulo."

"Chabwino. Thirirani."

Ndinasefa mchenga kawiri. Ndinanyowetsa njerwa, ndinaponya matope a simenti, ndinakoka thabwa losalazira mofatsa kuposa mmene ndinachitirapo kwa kasitomala aliyense. Kenaka inayamba sabata ya madzi. M'mawa uliwonse ndinkatenga ndowa ya akazi anga, ija ya chigamba pansi, n'kumawaza khoma ndi kapu kuyambira pamwamba. Ndikamaliza ndinkakhala pakhonde pamene ankakhala iwo posankha nyemba. Madzulo chimodzimodzi.

Tsiku lachitatu mwana wodzalowa m'nyumba uja anabwera, nagwada chapatali.

"Bambo, musamavutike. Madziwo ndingathe kumathira ine."

"Ayi mayi, pamafunika dzanja la mmisiri."

Linali bodza. Aliyense wodziwa kugwira kapu angathirire khoma. Iye anayang'ana khomalo, nayang'ana ine, nati, "Zoonadi bambo, ine ndingawononge." Kuyambira tsiku limenelo ankangobweretsa madzi, kutula pakona, n'kubwerera. Bodza limenelo ndinakalivomereza pamaso pa Mulungu, koma mpaka lero sindinalimvere chisoni mokwanira.

Tsiku lomaliza ndinagogoda khoma lonse ndi chala. Panalibe pomveka mphako. Ndinamanga levulo, chingwe ndi zida zina m'thumba la simenti, zovala m'chikwama, Baibulo pamwamba. Alamu anaitana akabaza awiri kuti andifikitse kumsewu wa maminibasi, ndipo anaumirira kunyamula thumba la zida okha mpaka panjinga.

Makiyi ndinapereka kwa mwana uja. Ndinamuuza kuti asalole madzi a padenga kuima m'mbali mwa nyumba, azikumba ngalande mvula isanayambe, ndipo asadzale nthochi pafupi ndi khoma. Anavomera zonse misozi ili m'maso.

"Nanga likadzang'aluka, bambo?"

"Mudzanditumizire uthenga. Ndidzabwera tsiku lomwelo."

Pano ndimakhala kwa mlongo wanga ku Lirangwe, m'chipinda chimene kale ankasungiramo chimanga. Mvula yagwa madzinja awiri chichokereni. Foni ikalira ndimayang'ana msanga ngati ndi a ku Chileka. Uthenga wa khoma sunabwere, ndipo monga ndikudziwira mmene ndinalimangira, sudzabwera.