M'bawa wa Padooko

Chaka chimene tinkadya chimanga chachikasu, damu la kwathu ku Madzimoyo linaphwa mpaka matope anang'ambika ngati chidendene. Nsomba zinathawira pakati, pamene munthu sakanafika ndi miyendo. Ambuya, amene anandilera makolo anga atamwalira, ankagula nsomba kwa asodzi padooko n'kukawamba. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkawatsatira.

Malo anga anali pansi pa m'bawa wa m'mbali mwa dooko. Nkhope ya amayi sindiikumbukira, ngakhale mawu awo. Chimene ndinatsala nacho ndi masamba a mtengo umenewo akugwedezeka pamwamba panga, ine ndili kumsana, iwo atawerama akuchapa. Ndikakhala pamenepo ndinkamva ngati angopita kukayanika zovala.

Ndinkaonera mbalame. Akakowa ankayenda m'matope monyada, osadetsedwa. Dzuwa likatentha, madzi ndi thambo zinkasakanikirana, ndipo mbalamezo zinkaoneka ngati zaima pa mpweya. Koma zanga zenizeni zinali anantchengwa awiri, amene anamanga chisa chachikulu ngati nkhokwe pamphanda ya m'bawawo. Ankatola timitengo, nsanza, ngakhale zidutswa za ukonde. Wina akaima m'madzi ankapalasa ndi phazi limodzi, mutu uli pansi, ngati wataya singano.

Bwato la asodzi linali litawola, moti ankangogwira tinsomba totsalira m'mphepete, ndipo mtengo wokwanira kusema lina unali umenewu basi. Chinkawaletsa chinali chisacho. Kwathu amati wopasula chisa cha nantchengwa eni ake alimo amapenga.

Tsiku lina mkulu wa asodziwo anaima patsogolo panga, nkhafi ili paphewa.

"Amayi a mbalame, alendi anu asamuka liti? Ana athu akudya ndiwo za masamba ngati mbuzi."

Ine ndinangoloza chisa. Ambuya anaseka akusankha nsomba mubeseni.

"Mkazi mnzangayu salankhula ndi amuna onunkha matope. Koma akakuuzani kuti zapita, ndiye kuti zapitadi. Sanama ameneyu."

Kuyambira pamenepo ankandifunsa nthawi zonse. Ine ndinkangoloza m'mwamba, iwo n'kupukusa mutu.

Kenako ana a anantchengwa anauluka. Akuluakuluwo anayamba kubwera mwa apo ndi apo, mpaka anasiyiratu. Ndinayang'ana khomo la chisa mpaka khosi kuuma. Mkulu uja atandifunsanso, ndinayang'ana ambuya. Iwo sanatukule mutu.

"Zapita," ndinatero.

M'mawa mwake asodziwo anabwera ndi nkhwangwa. Ambuya anandigwira dzanja kuti tizipita, koma ndinakana. Ndinakhala pachulu, mawondo ndili chikumbatire. Nkhwangwa yoyamba inalowa, masamba onse ananjenjemera, khungwa linaonetsa kufiira kwake. Itagunda yachiwiri, pakhomo la chisa panatulukira nkhope yoyera, yafulati ngati mbale. Anali kadzidzi. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, dzuwa likuswa mtengo, osaphethira.

Wodulayo anatsitsa nkhwangwa pang'onopang'ono.

"Amayi a mbalame, uyu simunatiuze bwanji?"

"Sindinamuone. Amabwera ine nditapita kunyumba."

"Dulani, inu," anatero ambuya, amene sankaphonya mapemphero a chigwirizano cha amayi kutchalitchi. "Ndi mbalame chabe. Kapena mukufuna ndikuyimbireni nyimbo kaye?"

"Dulani ndinu, ambuya. Nkhwangwa iyi."

Ambuya anayang'ana m'mwamba, n'kukonza duku lawo. Anati msana ukuwawawa.

Mtengowo anausiya. Asodziwo anakapeza migolo iwiri yakale kufamu ina, anaimangirira pamatabwa, ndipo ankapalasa pa chimenecho mpaka mvula inabwera. Chinkazungulira chokha mphepo ikawomba, iwo akutukwanizana pakati pa madzi.

Atachoka tsiku lija ndinatsika pachulu, ndinatapa dothi lonyowa m'mphepete mwa damu, ndinamata pabala la mtengo. Utomoni unkatulukabe pakati pa zala zanga, wofunda. Ambuya anandidikira panjira, beseni lili pamutu, osandifulumiza.