Chikwangwani cha pa Msewu wa Bambo

Msewu wolowera kwathu anaulambula ndi bambo, okha, ndi khasu ndi wilibala, chaka chomwe anabwera kudzakhala chikamwini kwa mayi kuno ku Domasi. Akabaza onse ankautchula ndi dzina lawo. Ukangotero pasiteji, wanjinga sankafunsanso zambiri.

Mayi atamwalira, miyezi inadutsa amalume osanena kanthu za kusudzula, mwambo womasula mwamuna wofedwa kuti azibwerera kwawo. Kukhala chete kwa amalume ndinkakudziwa bwino, ndipo kunkandiopsa kuposa mkwiyo wawo. Kwawo kwa bambo ku Phalombe kunalibenso wowalandira.

Kenaka kunabwera nkhani ya zikwangwani. Komiti ya chitukuko inagwirizana kuti msewu uliwonse ukhale ndi dzina lolembedwa, Chichewa pamwamba, Chingerezi pansi, kuti ambulansi isamasochere. Poti ndine mphunzitsi ndipo ndimalemba bwino pabolodi, penti ndi malata anazitula kwa ine. Ndinanyada, kupusa kwangako.

Tsiku losankha mayina tinakhala pansi pa mtengo wa mango kutchalitchi. Misewu ina inadutsa mwa nthabwala. Titafika pa wathu, mayi wina anatchula dzina la bambo, anthu n'kuvomera ndi mitu. Amalume anatsokomola.

"Alamu anga ndi munthu wabwino," iwo anatero, "koma chitsulo chikalowa m'simenti sichisuntha. Tilembe dzina la mlendo padothi la makolo athu, ndiye akapita tidzazule?"

Akapita! Palibe amene anacheukira bambo. Anali kumbuyo, chipewa chili pabondo, akungochizunguliza. Anthu anagwirizana dzina la agogo aakazi, amene anabereka mayi ndi amalume, ine n'kulilemba m'kope. Ndikanatha kukweza mkono n'kutsutsa. Koma dothilo ndi langanso kudzera kwa mayi, ndipo, ndinene zoona, ndinaopa amalume.

Chikwangwanicho ndinachipentera kuseri kwa sukulu kuti bambo asaone. Tsiku lochizika pamphambano, bambo anatulukira ndi khasu paphewa n'kuyamba kukumba dzenje popanda wowapempha. Kunkangomveka khasu ndi fosholo yotakasira simenti.

Anthu atabalalika tinatsala awiri.

"Tandiwerengera, mwanawe. Magalasi ndaiwala," anatero bambo.

Magalasiwo ndinkawaona m'thumba la malaya awo. Ndinawerenga dzina la agogo.

"Nanga pansipo?"

"Ndi zomwezo, bambo, koma m'Chingerezi."

"Oo. Kuti ndi azungu omwe adziwe." Anagwedeza chitsulocho kuona ngati chaima mowongoka, n'kupondaponda dothi la m'mbali. "Walemba bwino. Dzanja lako sindingalisowe."

Ndinalakalaka akanditukwana.

Sabata yomweyo amalume anatumiza uthenga woti Loweruka tikumane pakhonde pawo, ndipo abale a bambo aitanidwe, ngati alipo. Bambo anaumva uthengawo akusema mpini. Sanafunse kuti nkhani yake ndi yotani, ndipo ine sindinayerekeze kuwauza kuti mwina ndi zina.

Lachisanu ndikuchokera kusukulu ndinawapeza akuyenda khomo ndi khomo mumsewu wonsewo, kugawa nkhuku zawo imodziimodzi, akuthokoza aliyense chifukwa chokhala nawo bwino. Yomaliza, thadzi lakuda, anandipatsa ine, miyendo atamanga kale ndi luzi.

"Iwe ndi mwini mudzi," anatero. "Uzilisunga."